Lebulo ya mpunga wa azakhali: pomwe ntchito yafika

Lachiwiri, 3 Juni

Azakhali anandiitanitsa kuchigayo m'mawa uno. Gulu lawo la amayi lamaliza kukolola, matumba a mpunga wa Kilombero aunjikidwa mpaka kudenga, ndipo chaka chino akana kugulitsa pa ndowa kwa mavenda obwera ndi malole. Akufuna apunthe okha, apete okha, alongedze m'mapepala apulasitiki a 1kg, 2kg ndi 5kg, azigulitsa m'magolosale a pa boma pano pa Nkhotakota ndi kwa apaulendo odutsa pa msewu wa M5. Chikusowa n'chimodzi, lebulo.

"Mwanangu, si iwe uli ndi kompyuta ija anakutumizira achimwene ako kuchokera ku Joni? Tipangire chinthu chooneka."

Ndavomera, ngakhale za kamangidwe ka zithunzi sindinaziphunzire kusukulu iliyonse. Zomwe ndinapangapo ndi kalata yoitanira anthu ku chinkhoswe cha achemwali anga ndi chikalata cha mpira wa m'mudzi, zonse pa foni. Ndiye ndizilemba apa sitepe iliyonse, kuti wina woyamba kumene ngati ine aone pomwe pali dzenje.

Zida zanga ndi izi: laputopu yakale ya Windows 10, RAM yake 4GB, batire lake limapirira ola limodzi ndi theka magetsi akazima. Funso lomwe ndagona nalo ndi la pulogalamu. Anzanga agawikana pawiri. Ena akuti popanda Photoshop kapena CorelDRAW ndingotaya nthawi, ena akuti zaulere zilipo zambiri ndipo n'zokwanira.

Loweruka, 7 Juni

Ndayamba ndi Canva, pulogalamu ya pa intaneti yopangira zithunzi, chifukwa ndi yomwe ndimaidziwa. Inayamba mu 2013 ku Australia, ndipo ubwino wake ndi woti sumayambira pa pepala loyera. Umasankha chopangidwa kale, n'kusintha mawu ndi mitundu. Pofika usiku ndinali nditapanga lebulo yomwe ndinaikonda, ya masamba obiriwira m'mphepete ndi mawu akuluakulu pakati.

Lero ndaiyang'ananso ndi maso ozizira, ndipo zinthu zitatu zandibweza. Choyamba, Canva imadalira intaneti, ndipo kuno netiweki ikagwa ntchito imaima pomwepo, bandulo nayo imatha usanazindikire. Chachiwiri, kachithunzi ka mpunga komwe ndinakafuna kali ndi kachisoti kachifumu pakona, kutanthauza kuti n'ka olipira. Chachitatu ndicho chachikulu. Ndawerenga malamulo awo ndipo amanena mosabisa kuti chizindikiro chopangidwa ndi zithunzi za m'nkhokwe yawo sungachilembetse ngati chako chako, poti wina aliyense akhoza kutenga chithunzi chomwecho. Amayiwa akuganiza zodzalembetsa dzina ndi chizindikiro chawo kuboma zinthu zikayenda. Sindingawamangire nyumba pa malo obwereka.

Canva sindikuitaya. Pa zotumiza pa WhatsApp ndi Facebook, zonena kuti mpunga wafika, ndiziigwiritsabe ntchito. Koma chizindikiro ndijambula ndekha.

Lachinayi, 12 Juni

Lero ndiye tsiku lomwe lasintha maganizo anga onse. Ndinakwera minibasi mbandakucha kupita ku Salima, kukaona shopu yomwe idzasindikize masitika, chapafupi ndi Kamuzu Road. Ndinafuna ndimve kwa mwini makina ndisanapite patali.

Bambo a shopuyo ndi munthu wachikulire, wofatsa. Ndinawapatsa foni kuti aone lebulo yanga. Anaitumiza pa kompyuta yawo, anaitsegula, n'kuyamba kuikulitsa. Atakulitsa kangapo, mawu anga osalala aja anasanduka timabokosi ngati njerwa zosanjidwa molakwika, m'mphepete mwa zilembo muli mano okhaokha.

"Waona, mwana wanga? Ichi n'chithunzi cha timadontho. Pa foni chimakongola, koma pa pepala chimaulula. Ndipo WhatsApp yachifinyanso. Ukamatumiza ntchito uzitumiza ngati document."

Anandifotokozera kusiyana kwa mitundu iwiri ya zithunzi. Cha timadontho, chomwe amati raster, chili ngati mphasa ya mikanda: mikandayo ndi yowerengeka, ukaitambasula mipata imaonekera. Pofuna kusindikiza bwino pamafunika madontho 300 pa inchi iliyonse, ndiye pepala la A4 lokha limafuna 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Cha vector chilibe madontho. Kompyuta imasunga malangizo a mizere, kuti uchokere apa, upindike chonchi, ukathere apo. Ukachikulitsa kufika pa chikwangwani cha pamsewu chimakhalabe chakuthwa. Pa mapulogalamu ojambulira, Photoshop ndi GIMP ndi za raster. Illustrator, CorelDRAW ndi Inkscape ndi za vector. Masiku onsewa ndakhala ndikufunsa funso lolakwika, loti yaulere kapena yolipira, ndisanadziwe n'komwe kuti ntchito yanga ndi ya mtundu uti.

Iwo amagwiritsa ntchito CorelDRAW, ngati mashopu ambiri osindikiza omwe ndawaonapo. Ndinawafunsa mwachindunji: "Bambo, ndiye kuti nanenso ndigule Corel?"

Anapukusa mutu. "Makina angawa safunsa kuti fayilo wapangira pa chiyani. Iwe undibweretsere PDF. Zilembo zonse uzisandutse mizere. Mtundu wakumbuyo uupitirize mamilimita atatu kunja kwa podula, kuti mpeni ukaphonya pang'ono pasatsale kamzere koyera. Ukachita zitatuzi, ine ndilibe nawe mlandu."

Ndinazilemba kuseri kwa tikiti ya minibasi.

Potuluka, mnyamata wina yemwe anali pakhonde anandinong'oneza kuti ali ndi Corel ndi Photoshop za crack, kutanthauza zobedwa, pa fulashi, andiikira pa mtengo wa fanta. Sindinama, mtima unagunda. Koma ndakana, pa zifukwa ziwiri. Mnzanga wina anaikapo zoterezi ndipo kompyuta yake inagwidwa ndi kachilombo, zithunzi zonse za ukwati wa anthu zomwe anajambula zinapita. Ine laputopu ndi imodzi yomweyi. Chifukwa china n'cha mumtima. Amayiwa akufuna lebulo chifukwa atopa ndi anthu osakaniza mpunga wamba n'kumaugulitsa ndi dzina la Kilombero. Ntchito yonseyi ndi yoteteza thukuta la munthu kuti wina asalidye ulele. Sindikuona mmene ndingaigwirire ndi chida chakuba.

Lamlungu, 15 Juni

Ndawerengera ndalama kuti nkhani ya zolipira ndiitseke ndi manambala, osati ndi mphekesera. Adobe, kampani yopanga Photoshop ndi Illustrator, inasiya kugulitsa mapulogalamu ake kamodzi n'kamodzi mu 2013. Kuyambira pamenepo umalipira mwezi ndi mwezi, ndipo ukasiya kulipira pulogalamu imatseka. Illustrator yokha, pa mtengo wa ku America, ndi madola oposa 20 pamwezi, ndipo mtengo umenewo ndi wa mgwirizano wa chaka chonse. Pamafunikanso khadi lolipirira pa intaneti lomwe lingatulutse madola. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zakunja zikusowabe. Kwa munthu amene ali ndi makasitomala tsiku lililonse ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndalama imeneyo imabwerera. Kwa ine, amene kasitomala wanga ndi azakhali ndipo malipiro anga ndi thumba la mpunga, sizikugwirizana. Ngakhale ndikanaipeza ndalamayo, mapulogalamu atsopano a Adobe amafuna RAM yoposa yomwe ndili nayo.

Ndatsitsa Inkscape ndi GIMP usiku, pa bandulo yotchipa ya usiku ija. Zonse ndi zaulere kotheratu, ndipo ukaziika basi, sizifunanso intaneti. GIMP inayambidwa mu 1995 ndi ophunzira awiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis. Inkscape inayamba mu 2003. Zimakonzedwa ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana. Zandilimbitsa mtima kudziwa kuti si zinthu zongobwera dzulo.

Lamlungu, 22 Juni

Sabata yonseyi yathera pa ngala imodzi ya mpunga.

Ndinapita kudimba la azakhali cha kumunsi kwa mtsinje wa Kaombe n'kutola ngala yotsalira, ndinaiika pa pepala loyera pakhonde n'kuijambula ndi foni. Mu Inkscape muli chida chotchedwa Trace Bitmap chomwe chimasandutsa chithunzi cha timadontho kukhala mizere. Ndinaganiza kuti ndapeza njira yachidule. Chinatulukacho chinali chiphwirikiti, mfundo zambirimbiri pa kambewu kalikonse, mithunzi nayo yasanduka mizere, ndipo laputopu inayamba kupuma movutikira mpaka inauma. Ndinafufuta zonse.

Lachitatu ndinayambiranso ndi dzanja. Ndinaika chithunzi chija pansi, ndinachitsekera kuti chisasunthe, n'kutenga cholembera cha mizere, chomwe umachiitana podina B. Masiku awiri oyamba dzanja limakana. Ukadina umaika mfundo, ukadina n'kukoka pamatuluka timikono tiwiri, ndipo timikonoto ndi tomwe timalamula kuti mzere upindike motani. Ine ndimaika mfundo khumi pa kambewu kamodzi, kambewuko n'kumatuluka kokhala ndi ziphuphu. Lachisanu m'pamene ndinazindikira kuti mbewu ya mpunga imangofuna mfundo ziwiri, ina kumutu ina kumchira, timikono n'kuchita zotsalazo. Nditapanga kamodzi kosalala, kotalika ndi kowonda ngati Kilombero weniweni, ndinangodina Ctrl ndi D kukachulukitsa, n'kumatembenuza kalikonse pang'ono potsata phesi. Mbewu 23. Fayilo yonse n'njopepuka kuposa chithunzi chimodzi cha pa foni.

Madzulo ndinapita nayo kwa azakhali. Anapukuta manja pa chitenje, anaweramira pa laputopu nthawi yaitali osayankhula.

"Wajambula bwino, koma mpunga uwu sunakhwime."

Ndinafunsa kuti aona chiyani.

"Waima njo. Ngala ikakhwima imalemera, imazyolika. Wogula amene analimapo akaona iyi aziti tikugulitsa mphwepwa."

Ine ndinajambula ngala itagona pa pepala, n'kuiimika. Iwo akhala akuiona m'munda kuyambira ali mtsikana. Ndinabwerera kunyumba, ndinagwira mfundo yapamwamba ya phesi n'kuikokera pansi, kenako ndinasanja mbewu zonse mwatsopano kuti zilendewere. Apa m'pamene ndinaona phindu la vector ndi maso anga. Chikanakhala chithunzi cha timadontho ndikanayambira pachiyambi. Zinanditengera mphindi makumi anayi, ndipo tsopano ngalayo ikuoneka yolemera.

Lachiwiri, 24 Juni

Magetsi anazima masana, batire linatha ndili mkati mosanja mawu, ntchito ya maola awiri inapita. Ndalowa mu Preferences ya Inkscape ndipo ndachepetsa nthawi ya Autosave kuti izisunga yokha mphindi zisanu zilizonse. Ndayambanso kusunga fayilo ndi nambala, lebulo1, lebulo2, ndipo madzulo aliwonse ndimakopera pa fulashi.

GIMP ndaigwiritsa ntchito tsiku limodzi lokha. Ndinajambula mpunga uli m'lichero, ndinauwalitsa, ndinachotsa zakumbuyo, kuti ndiike pakati pa lebulo. Amayi ena a m'gulumo anangoti, "Achimwene, pepalalo ndi loonekera. Mpunga weniweni ukuoneka kale, wa chithunzi ndi wachiyaninso?" Ndachichotsa, ndipo lebulo yapuma.

Lachitatu, 2 Julayi

Ulendo wachiwiri wa ku Salima, ndi PDF pa fulashi. Kukula kwa lebulo ndi masentimita 9 m'lifupi ndi 13 m'litali, kuti anayi akwane pa A4 imodzi pamodzi ndi mamilimita atatu aja.

Mizere inatuluka yakuthwa, mbewu iliyonse yooneka payokha. Koma mtundu unandigwetsa ulesi. Wobiriwira wanga, uja wowala ngati nazale ya mpunga m'mwezi wa Januwale, unatuluka wozimirira ngati masamba a chinangwa ogwidwa ndi fumbi.

Bambo aja sanadabwe. Akuti galasi la kompyuta limapanga mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, zomwe amati RGB. Makina osindikiza amasakaniza inki zinayi, CMYK, ndipo pali mitundu ina yowala kwambiri yomwe inki singaifikire, makamaka wobiriwira ndi buluu. Apa ndiye pomwe yaulere yandisiya panjira, ndivomereze. Mu CorelDRAW ndi Illustrator umatha kuyamba ntchito yonse mu CMYK n'kutulutsa PDF yoteroyo. Inkscape yomwe ndili nayo imatulutsa PDF ya RGB. Pali pulogalamu ina yaulere, Scribus, yopangira manyuzipepala ndi mabuku, yomwe imatha CMYK bwinobwino, ndipo ena amadutsitsa ntchito yawo mmenemo. Ndiiphunzira, koma osati sabata ino.

Njira yomwe tatsata ndi yosavuta ndipo anandipatsa ndi bambo omwewo. Ndinakhala pa benchi ya mushopu n'kujambula timabokosi 24 pa pepala limodzi, kalikonse ndi wobiriwira wakewake, pansi pake nambala ya mtunduwo. Ndinachitanso chimodzimodzi ndi wachikasu wa ngala. Anasindikiza pa pepala la sitika lenileni, osati pa pepala wamba, poti inki imakhala mosiyana. Ndabwera nalo kunyumba pepalalo. Mtundu tisankha pa pepala, padzuwa, osati pa galasi la laputopu.

Lachisanu, 4 Julayi

Amayi asankha kabokosi ka nambala 17. Anapatsirana pepalalo pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinadabwa kuti sanakangane n'komwe. Pa laputopu mtundu umenewo ukuoneka wakuda pang'ono, moti ine sindikanausankha.

Nkhani ina ya lero ndi ya zilembo. Tcheya wa gulu, amene anaphunzitsapo ku pulayimale, akufuna pansi pa lebulo palembedwe kuti "Wolimidwa ku Nkhotakota, Malaŵi", ndi kadenga pamwamba pa w monga ankalembera kale. Fonti (mtundu wa zilembo) yokongola yomwe ndinasankha ilibe chilembo chimenecho. Ndikachilemba, ŵ yekhayo amatuluka wa fonti ina, wowonda pakati pa anzake onenepa. Ndafufuza ndipo ndapeza kuti chilembochi chimagwiritsidwanso ntchito m'chinenero cha ku Wales, ndiye mafonti opangidwa mosamala amakhala nacho. Pa Google Fonts pali malo olembapo mawu ako kuti uone mmene atulukire usanatsitse. Ndinalembapo "Malaŵi" ndi "ng'ombe", kuti ndionenso kakoma ka m'mwamba, n'kusankha pa mafonti omwe anakhoza zonse ziwiri. Ambiri a pamenepo ali ndi chilolezo cha Open Font License, chomwe chimalola kuwagwiritsa ntchito pa malonda. Izi n'zofunika kuziona, chifukwa mafonti ambiri aulere a pa intaneti ndi aulere pa ntchito za pakhomo zokha.

Tsopano ndamvetsa chifukwa chake bambo aja analimbikira zosandutsa zilembo kukhala mizere. Kompyuta yawo ilibe fonti yanga. Ndikanawapatsa mawu ali mawu, Corel yawo ikanaika fonti ina m'malo mwake, ndipo ŵ uja akanasowa kapena kusanduka kabokosi. Ndimasunga mafayilo awiri: ina ya SVG yomwe mawu ake ndingathe kuwasintha, ina ya PDF ya mizere yokhayokha yopita ku makina.

Lolemba, 14 Julayi

Mayi wina anapempha kuti ndiikepo chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, akuti mapaketi a m'masitolo akuluakulu onse ali nacho ndipo anthu amachikhulupirira. Kuchijambula n'kosavuta, koma ndakana, ndipo azakhali anandiikira kumbuyo. Chizindikiro chimenecho amapereka ndi a bungwelo akayendera malo ndi kuyeza katundu. Kuchiika wekha ndi kunamiza ogula, ndipo kungagwetse gulu lonse m'mavuto. Ndasiya malo opanda kanthu kumunsi kumanja, kuti akadzachipeza mwa njira yake chidzalowe popanda kusuntha china chilichonse. Zomwe zilipo pakadali pano ndi dzina la gulu, mtundu wa mpunga, kulemera kwake, nambala ya foni ya gulu, ndi mizere iwiri yolembapo ndi cholembera tsiku lolongedza ndi nambala ya mtolo.

Lachinayi, 17 Julayi

Ndinakatenga masitika oyamba a 1kg ndi 2kg. Shopu inali yodzaza ndi ntchito za zikwangwani, ndiye podikira bambo aja anandilola kukhala pa kompyuta yawo yachiwiri, kuti ndione Corel ndi manja anga. Ndinkayembekezera kusochera. Patapita mphindi zochepa ndinapeza kuti ndikudziwa chomwe ndikufuna, chosowa ndi pomwe anachibisa basi. Chomwe Inkscape imati Object to Path, Corel imati Convert to Curves, ndipo akuti Illustrator imati Create Outlines. Mfundo ndi timikono take n'zomwezija. Ndinajambula mbewu ya mpunga ndi mfundo ziwiri pa ulendo woyamba.

Pali zina zomwe ndinasirira. Kusanja malebulo ambiri pa pepala limodzi ndi zizindikiro zodulira kumachitika mwachangu kwambiri mu Corel, ine ndinathera theka la tsiku ndikuyeza ndi manja. Ndipo makasitomala awo ambiri amabwera ndi mafayilo a Corel otchedwa CDR, omwe Inkscape imayesa kuwatsegula koma singawasunge m'mtundu umenewo. Anandiuza mosapsatira kuti ndikafuna kudzalembedwa ntchito mu shopu ngati yawo, Corel ndiyenera kuidziwa. Ndamva. Corel imalola kuiyesa ulere masiku 15, Adobe masiku 7. Masiku amenewo sindiwawononga pano. Ndidikira mpaka nditapeza ntchito yomwe ikufunadi pulogalamuyo, ndipo mtengo wake ndidzauwerengera mu ndalama yomwe ndidzatchaje.

Loweruka, 19 Julayi

Tamata mapaketi oyamba kuchigayo. Mwera unali ukuwomba kuchokera kunyanja ndipo fumbi la mankhusu linali paliponse, ndiye masitika khumi oyamba anayamba kutukuka m'makona tisanamalize n'komwe. Tinasamukira m'chipinda chamkati, mayi mmodzi akupukuta pepala ndi kansalu kouma, wina akumata, wachitatu akulemba tsiku. Atamatidwa choncho agwira.

Cholakwika changa chomwe ndachiona paketi itadzaza: nambala ya foni ndinaiika pansi kwambiri, ndipo mpunga ukakhazikika pepala limapindikira pomwepo, manambala awiri omalizira n'kubisika. Pa laputopu lebulo imakhala yafulati, paketi siikhala choncho. Ndaikweza ndi sentimita imodzi mu lebulo9.

Zotsala: lebulo ya 5kg, yomwe ikufuna kukula kwina chifukwa thumba lake ndi lalifupi ndi lotambalala, ndiye ngala iyenera kupita kumbali osati pamwamba. Tcheya wafunsanso za chikwangwani cha nsalu cha mamita awiri choti apachike pamsewu, ndipo ngala yomweyi ikwanira popanda kujambulanso. Scribus ndaitsitsa usiku wathawu koma sindinaitsegule. Lolemba ndikupita ndi azakhali kukasiya mapaketi 40 ku golosale ziwiri za pa boma, ndipo ndikufuna ndikaime chapatali, pafupi ndi khomo, ndione ngati dzina la gulu likuwerengeka kuchokera pamenepo.